Kagalimoto ka limoti kafuna kiyi woyenera, cimodzimodzi njinga ndi cigayo

Caka ciliconse mwezi wa Disembala ukamayandikira, masitolo a mu Kitwe ndi Ndola amadzala ndi tumagalimoto twa ana toyenda ndi limoti. Tumapezeka ku Mukuba Mall, ku Jacaranda ndi ku Kafubu Mall, pa msika wa Chisokone ndi wa Masala, ndipo twina tumabwera m'zikwama za acibale ocokera ku Johannesburg, ku Dar es Salaam kapena ku Ulaya. Makolo amene agulitsa cimanga kapena soya, kapena amene yafika nthawi yao yolandira cilimba, amafuna kusangalatsako mwana, ndipo palibe colakwika pamenepo. Comvetsa cisoni ndi cakuti masukulu asanatsegule mu Januwale, twambiri tumakhala tuli kale kunsi kwa bedi, kena wilo itacoka, kena mota ikulira koma matayala osazungulira. Ndalama imene ikanathandiza pa feteleza kapena pa yunifomu yathera m'masabata atatu.

Tikatuyang'ana bwino tumagalimoto tumenetu, tipeza kuti twambiri tulibe matenda akulu. Kawirikawiri kamakhala kasikuruu kamodzi kamene kamasuka ndi kugwedezeka pa miyala, kapena udzu ndi ulusi wa masaka zimene zakulunga pa ekiselo, kapena waya umodzi umene waduka pafupi ndi batire. Cimene cimatsiriza kagalimoto ndi cithandizo cimene timakapatsa. Atate atenga mpeni wa ku khichini, amalume abwera ndi msomali wophwanyidwa kunsonga, mkulu wake wa mwanayo abwereka kiyi wa saizi ina kwa wokonza njinga, ndipo pofika madzulo mutu wa sikuruu wapereseka kotero kuti ngakhale makanika weniweni sangaumasulenso.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wogula cinthu comangidwa ndi masikuruu ayenera kuwerengera limodzi mtengo wa citsulo cocimasulira. Tasankha kukamba za coseweretsa ca ana cifukwa pa kanthu kakang'ono ndi pamene colakwa cioneka msanga, koma alimi anzathu aona kuti zimene tinene pano zikhudzanso njinga, pampu ya madzi ndi cigayo.

Katembenuzeni musanalipire

Tumagalimoto twa limoti tuli mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi umene waculuka m'masitolo mwathu. Ndi wa pulasitiki yopepuka, uyenda ndi mabatire ang'ono ogula pa kantemba kapena kabatire kochaja, ndipo masikuruu ake ndi a mutu wa mtanda, olowa mu pulasitiki momwemo. Mbali zina amangozimata ndi guluu. Masipeya ake sagulitsidwa, motero cimene tingacite ndi kukayeretsa, kulumikiza waya woduka ndi kukonza swichi.

Mtundu waciwiri ndi wopangidwa dala kuti uzimasulidwa ndi kumangidwanso. Makampani odziwika pa nchito imeneyi ndi Tamiya ndi Kyosho a ku Japan, Traxxas ya ku America, ndi ena ambiri a ku China amene anatsatira pambuyo. Tamiya inatulutsa kake koyamba mu 1976, kofanizira galimoto ya Porsche 934, ndipo wogula anali kulandira zidutswa m'bokosi kuti amange yekha. Twambiri twa mtundu uwu tumalembedwa 1/10, kutanthauza kuti utali wa galimoto yeniyeni augawa pa 10. Tuli ndi masipuling'i, magiya ndi difu monga galimoto ya pa mseu, ndipo masikuruu ake ambiri ndi a kabowo ka makona 6, ofuna aleni kiyi.

Tsono musanatulutse ndalama, katembenuzeni kagalimoto muone kunsi kwake. Onani mitu ya masikuruu kuti ndi ya mtundu wanji. Funsani wogulitsa kumene mungapeze wilo ina, giya ina ndi batire ina. Akasowa yankho, dziwani kuti moyo wa kagalimotoko ufika pa tsiku limene kadzayamba kuonongeka. Ngati ndi wacibale amene atumiza kucokera kunja, mupempheni aikemo kabuku kake, kapaketi ka masikuruu apadera ndi makiyi ake. Zinthu zimenezi ndi zopepuka m'cikwama, koma kuno n'zovuta kuzipeza.

Aleni kiyi anacokera kuti?

Kiyi amene timamucha aleni ndi kandodo ka citsulo ka mbali 6 kopindika ngati cilembo ca L. Pa mapaketi mupeza liu lakuti hex, locokera ku Cigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi nambala 6 yomweyo. Dzina la Allen ndi la munthu, William G. Allen wa ku Hartford m'dera la Connecticut ku America, amene mu 1910 analembetsa ku boma njira yake yopangira masikuruu otere. Masiku amenewo makina a m'mafakitale anali kuyenda ndi malamba ndi mapule, ndipo mapule anali kumangidwa ku shafuti ndi mabauti a mutu wotulukira kunja. Mutuwo pozungulira unali kukola malaya a wanchito ndi kumukokera m'makina. Sikuruu ya Allen inali kubisala yonse mkati mwa citsulo, popanda cokola munthu. Amene muli ndi cigayo yang'anani pa pule: kasikuruu kopanda mutu kamene mupezapo ndi ka mtundu womwewo. Nakonso kagiya ka pa mota ya kagalimoto ka mwana kagwidwa ndi kasikuruu kotere, kocepa ngati njere ya mpunga.

Ubwino wa kiyi ameneyu ndi wakuti agwira sikuruu mbali zonse 6 nthawi imodzi, ndipo sapulumuka monga icitira sikurudiraiva. Koma mphamvu yake yonse idalira kuti adzaze kabowo ndendende. Kiyi akacepa pang'ono cabe, mbali zake sizikhudzanso makoma a kabowo, mphamvu yonse igwera pa makona, ndipo makona adyeka mpaka kabowo kakhala kobulungira. Pa sikuruu yaikulu ya pa thirakitala cilema cimeneci citenga nthawi kuti cioneke. Pa kasikuruu ka mamilimita 1.5 kupotoza kamodzi ndi kokwanira.

Msampha wa mainchi ndi mamilimita

Kuno ku Kopala tili ndi msampha wathuwathu. Migodi ya Roan Antelope ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga inayamba kutulutsa kopa m'zaka za m'ma 1930, ndi makina ocokera ku Britain, ku America ndi ku South Africa, onse oyezedwa m'mainchi. Dziko lathu linasinthira ku mamita ndi makilogalamu m'zaka za m'ma 1970, koma zitsulo zakale sizinataidwe. Pamene ZCCM inali kugulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000, mafitala ndi amakanika ambiri anacotsedwa nchito napita kukalima ku Masaiti, ku Mpongwe ndi ku Lufwanyama, mabokosi ao a zitsulo ali m'manja. Zitsulo zimenezo zikali m'nyumba zathu, zina zigulitsidwa pa misika, zosakanizika ndi zatsopano za mamilimita. Ndi maso simungazisiyanitse.

Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Kiyi wa 3/32 wa inchi ndi mamilimita 2.38, ndipo alowa mosavuta m'kabowo ka 2.5, koma acepa ndi 0.12. Wa 3/16 ndi 4.76, ndipo anyenga ambiri pa mabauti a njinga ofuna kiyi wa 5. Wa 7/32 ndi 5.56, alowa m'kabowo ka 6 nagwedera. Kumbali inayo, kiyi wa 1.5 alowa mu sikuruu ya 1/16, imene ndi 1.59, ndipo aiperesa msanga. Alipo atatu amene amayandikana kwambiri kotero kuti tingawasinthanitse pa tsiku la mavuto: 5/64 ndi 2, 5/32 ndi 4, ndiponso 5/16 ndi 8. Ena onse asasinthanitsidwe.

Masipanala nao ali ndi msampha womwewo. Ya 1/2 ndi mamilimita 12.7, motero ya 13 igwedera pa nati ya hafu inchi. Ya 9/16 ndi 14.29, ikulira nati ya 14. Ndipo m'mabokosi a agogo muli masipanala olembedwa W kapena BSW, a muyezo umene Joseph Whitworth anakhazikitsa ku England mu 1841. Pa amenewa nambala siinena kukula kwa kamwa ya sipanala koma kunenepa kwa bauti, mwakuti yolembedwa 1/4 W ili ndi kamwa yopitirira mamilimita 13. Musawataye, cifukwa mainjini akale a Lister amene akali kuyendetsa zigayo ndi mapampu m'mafamu ena afuna omwewo. Asungeni cabe pa okha.

Tumagalimoto twa limoti twa ku Japan, ku China ndi ku Ulaya ndi twa mamilimita, ndipo twambiri twatsopano twa ku America ndi cimodzimodzi. Twina twakale twa ku America ndi twa mainchi. Kabuku kanena, ndipo ngati kanasowa, yesani kiyi pa sikuruu mofatsa musanaike mphamvu.

Zofunika kugula

Sitilangiza munthu kugula cibokosi ca zitsulo 100. Pa kagalimoto ka 1/10 zofunika ndi zowerengeka.

Coyamba ndi makiyi atatu, wa 1.5, wa 2 ndi wa 2.5. Wa 1.5 ndi wa kasikuruu kogwira giya pa mota. Wa 2 ndi wa 2.5 amasula pafupifupi masikuruu ena onse. Ngati mungakwanitse, gulani okhala ndi cogwirira ngati ca sikurudiraiva, amene m'masitolo alembedwa hex driver. Cogwirira cithandiza kuti kiyi alowe mowongoka ndi kuti dzanja likanikizire pansi popotoza, ndipo nsonga za makiyi otere zimakhala za citsulo colimba koposa. Tumakiyi topindika tumene tumabwera mwaulere m'bokosi la kagalimoto nthawi zambiri ndi tofewa. Tungathandize kamodzi kapena kawiri, koma situyenera kudaliridwa.

Caciwiri ndi zomasulira manati, ya 7 ya manati a mawilo ndi ya 5.5 ya tumanati tung'ono. Kasipanala ka mtanda kamene kali ndi masaizi anai kumapeto kwake kakwanira. Pulayasi isakhudze nati, cifukwa mano ake adya makona.

Cacitatu ndi masikurudiraiva awiri a mtanda, olembedwa PH0 ndi PH1. Kwa amene ali ndi kagalimoto ka mtundu woyamba uja, awa ndiwo afunika kopambana, ndipo akhale a khosi lalitali ndi loonda, pakuti masikuruu ake abisala m'mabowo akuya. Dziwaninso kuti masikuruu a mtanda a ku Japan, amene ali pa tumagalimoto twa Tamiya ndi pa njinga zamoto za kumeneko, ali ndi kadulidwe kao kochedwa JIS. Pa njinga zamoto ambiri ali ndi kadontho pamutu. Sikurudiraiva wamba ikonda kupulumuka pa amenewa, motero kanikizani kwambiri musanapotoze.

Cacinai ndi pulayasi ya mlomo wautali yogwirira tumapini, kodulira waya, ndi citsulo ca malaiti cowocherera mawaya. Zotsala muli nazo kale pa nyumba: mswaci wakale wocotsera fumbi, singano, mbale yoyera yoikamo masikuruu, ndi kamaginito ka mu sipika yakufa kotolera amene agwa pansi.

Mupezanso makiyi a nsonga yobulungira ngati mutu wa machisi, amene anayamba kupangidwa ndi kampani ya Bondhus ku America. Nchito yao ndi kufika pa sikuruu imene ili pa malo opanikizika, kiyi atapendekeka mpaka madigiri 25. Koma nsonga yotere igwira pang'ono cabe. Ndi yopotozera sikuruu imene yamasuka kale. Pomasula koyamba ndi pomanga komaliza, sewenzetsani nsonga ya makona athunthu.

Pa msika

Pa misika yathu zitsulo zabwino ndi za gong'a zigona pa thebulo imodzi, ndipo za gong'a ndizo ziwala kwambiri. Zilembo za Cr-V kapena S2 zitanthauza mitundu ya citsulo colimba, koma aliyense angadinde zilembo. Motero tisadalire zolembedwa zokha.

Nyamulani sikuruu yeniyeniyo, kapena kagalimoto konse, popita kukagula. Lowetsani kiyi mpaka pansi pa kabowo ndi kumuyesa uku ndi uku ndi zala ziwiri. Woyenera alowa mothina ndipo sagwedera. Yang'anani nsonga pa dzuwa: makona akhale akuthwa, kumapeto kukhale kodulidwa bwino, kopanda utoto wonenepa wobisa zilema. Onani ngati saizi yadindidwa m'citsulo momwemo, pakuti yolembedwa ndi utoto ifufutika mwezi usanathe. Wogulitsa akalola, pitsani tupa pang'ono pa nsonga. Pa citsulo colimba tupa aterereka, pa cofewa aluma.

Werenganinso makiyi a m'paketi. Mapaketi ena ochipa adumpha 2.5, ena alibe 1.5, ndipo ena asakaniza mainchi ndi mamilimita. Makiyi atatu abwino aposa paketi ya makiyi 30 ofewa, cifukwa kiyi wofewa akafa afera limodzi ndi sikuruu yanu.

Zitsulo zakale siziyenera kunyozedwa. Sipanala ya dzimbiri yolembedwa Gedore, King Dick kapena Britool, ikatsukidwa ndi palafini, ingasewenze zaka zina zambiri. Onani cabe kuti kamwa yake sinatanuke ndipo saizi yake ndi imene mufuna. Koma munthu wosadziwika akabwera madzulo ndi zitsulo zatsopano pa mtengo wa tomato, zina zili ndi cidindo ca kampani, mulekeni apite. Wogula zakuba ndiye atuma wakuba. Mukagula m'sitolo tengani lisiti. Lamulo loteteza ogula la mu 2010 liletsa kugulitsa katundu woonongeka kapena wosayenera nchito yake, ndipo bungwe la CCPC lilandira madandaulo, koma popanda lisiti nkhani imalimba.

Kasewenzetsedwe

Citsulo cabwino m'manja aphuma ciononga cimodzimodzi ndi coipa. Musanayambe, cotsani batire. Yalani nsalu yoyera pa thebulo, ndipo ana ang'ono okwawa akhale kutali, cifukwa tumasikuruu ndi tumabatire tobulungira tumathera m'kamwa. Jambulani ndi foni musanamasule, kuti mudzadziwe pobwezera ciliconse. Sikuruu yaitali ikalowa pa malo a yaifupi ingaboole batire kapena kugwira giya.

Fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala ndi matope a dzinja zimadzaza kabowo ka sikuruu, ndipo kiyi amalowa theka cabe. Apa ndi pamene masikuruu ambiri amafera. Tokosani ndi singano mpaka muone pansi pa kabowo, lowetsani kiyi yense, kanikizani, ndiyeno potozani pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pobwezera sikuruu mu pulasitiki, yambani mwaipotozera kumbuyo pang'ono mpaka mumve yagwera m'mazinga ake akale, kenaka muipotozere kutsogolo. Mukailowetsa mwacisawawa idula mazinga atsopano pamwamba pa akale, ndipo kaciwiri kapena kacitatu bowo silidzagwiranso. Mutu ukakhudza pulasitiki, lekani. Ngati muli ndi kiyi wopindika, lowetsani mbali yaitali mu sikuruu ndi kupotoza ndi mbali yaifupi, kuti mphamvu ya dzanja isapitirire. Kiyi wamng'ono saikidwa paipi ndipo samenyedwa ndi hamala.

Sikuruu yolowa m'citsulo, monga ija ya giya ya pa mota, imamasuka yokha ndi kugwedezeka. Pa imeneyi pafunika kadontho ka mankhwala omatira mazinga a mtundu wa buluu. Ofiira amamata kwambiri ndipo samasuka popanda moto. Onse awiri asakhudze pulasitiki, cifukwa amaiphwanya.

Kiyi wopindika akadyeka kunsonga sanathe nchito. Dulani kapena palani mamilimita ocepa pa gulaindala mpaka mufike pamene makona ali athunthu, mukumuviika m'madzi kawirikawiri. Akatentha mpaka kusanduka buluu, citsulo cafewa.

Ikapereseka

Sikuruu ikayamba kuterereka, imani pomwepo. Kupitiriza ndi kukulitsa bowo. Yesani kiyi watsopano wa makona akuthwa. Zikakanika, apa ndi pamene kiyi wa mainchi wokulirapo pang'ono athandiza, monga wa 1/16 m'kabowo ka 1.5 kodyeka. Nsonga ya nyenyezi yochedwa Torx, yokhomeredwa pang'ono m'kabowo, nayo imagwira. Ngati mutu uli poonekera, cekani kamzere ndi mpeni wa hakiso ndi kumasula ndi sikurudiraiva yafulati. Ngati inamatidwa ndi mankhwala, igusitseni nsonga ya cowocherera mawaya kwa kamphindi kuti afewe. Ikatuluka, itayeni. Kuibwezera ndi kudziikira msampha wa mawa.

Pa mabatire ticenjeze mwapadera. Tumagalimoto twambiri twa masiku ano tuyenda ndi batire yofewa yochedwa LiPo, ya mavolti 3.7 pa selo iliyonse. Ikabooledwa ndi sikurudiraiva, ikaphwanyika kapena ikachajidwa mopitirira, iyaka moto wovuta kuzima. Ikatupa isasewenzetsedwenso. Kuzimazima kwa malaiti kwa mu 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi ku Kariba, kunazolowetsa mabanja ambiri kusiya zinthu pa chaja usiku kudikira malaiti. Batire ya mtundu uwu ichajidwe masana, pa simenti, kutali ndi matiresi ndi makatani, munthu wamkulu ali pafupi.

Ku munda

Mlimi anganene kuti izi ndi za ana a m'tauni. Koma taonani njinga imene mutengera makala, masamba kapena mkaka ku msika. Njinga zatsopano zambiri zamangidwa ndi mabauti a aleni a 4, 5 ndi 6 pa handulo, pa cishalo ndi pa mabuleki. Manati a mawilo ndi mapedulo afuna sipanala ya 15, ndipo pedulo ya kumanzere imasukira mbali yosiyana ndi mabauti wamba. Amene sadziwa ici amamanga poganiza kuti amasula, mpaka mazinga atha. Pa njinga zamoto ndi mapampu a petulo a kapangidwe ka ku Japan mupeza mitu ya 8, 10, 12, 14 ndi 17, pamene makina a ku Ulaya akonda 10, 13, 17 ndi 19. Bauti ya kunenepa kumodzimodzi, mamilimita 8, ili ndi mutu wa 12 pa makina a ku Japan ndi wa 13 pa a ku Ulaya. Wogula masipanala ayambe wadziwa makina ake.

Shifiting'i ndi bobojani zili ndi malo ake, koma sizilowa m'malo mwa sipanala yoyenera. Bobojani ndi wa mapaipi, ndipo mano ake asiya nati ili yobulungira. Pogula bauti yolowa m'malo mwa yothyoka, werengani nambala ya pamutu: 8.8, 10.9 kapena 12.9 zinena kulimba kwake, ndipo yopanda nambala siyenera kuikidwa pa pulawo kapena pa cigayo.

Kusiyana kwa kagalimoto ndi pampu ndi mtengo wa colakwa. Mwana alira masiku awiri naiwala. Koma kasikuruu ka pa pule ya pampu kakapereseka mu Seputembala, tomato ndi repu zifota pamene mwini wake ali pa basi kupita ku Ndola kukafuna wodziwa kuboola. Cigayo cikaima sabata imodzi, mudzi wonse uyenda ndi matumba pamutu kupita kwina, ndipo ena sabweranso.

Tidziwa kuti zitsulo zabwino n'zodula kwa banja limodzi. Magulu a alimi ndi makopaletivu angagule seti imodzi yabwino ya mamilimita, ndi kusankha munthu mmodzi woisunga ndi buku lolembamo wobwereka ndi tsiku lobweza. Nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka, n'cifukwa cake buku lifunika, ndi lamulo lakuti wotaya kiyi agule wina wa mtundu womwewo.

Ana athu

Ife amene tinakulira m'makomboni a Wusakile, Chamboli, Buchi, Chifubu, Kabushi ndi Twapia tikumbukira galimoto za waya. Mawilo anali a tumabokosi twa polishi kapena waya wokulungidwa, zomangira zinali malegeni, ndipo ciongolero cinali kufika m'ciuno mwa mwini wake. Mwana anali kudziwa mfundo iliyonse ya galimoto yake cifukwa anaipinda yekha, ndipo wilo ikacoka sanali kudikira atate. Ambiri mwa amakanika, owocherera ndi mafitala amene tiwadalira lero anayambira pamenepo.

Kagalimoto ka limoti kangaphunzitse zoposa apo, pakuti muli mota, magiya, masipuling'i ndi mawaya a magetsi, zomwezo zimene ziphunzitsidwa ku NORTEC mu Ndola, ku Copperbelt University mu Kitwe ndi m'makalabu a JETS m'masukulu. Koma kaphunzitsa pokhapo ngati katsegulidwa. Mwana amene aona kuti cinthu cikaonongeka cimataidwa ndi kugula cina, adzacita cimodzimodzi ndi njinga, ndi pampu, ndi zonse zimene mudzamusiyira. Amene waphunzira kusankha kiyi woyenera, kuyeretsa kabowo ndi kudziwa polekezera kumanga, ali ndi ciyambi ca luso limene lingamudyetse. Kuongola mtengo ndi pamene ukali waung'ono, ndipo izi tinena za atsikana cimodzimodzi ndi anyamata.

Tsono makolo anzathu, ngati mufuna kugula kagalimoto caka cino, patulani ndalama ya makiyi atatu aja ndi masikurudiraiva awiri musanasankhe mtundu ndi kukula kwake. Kagalimoto kocepa kamene muli ndi zokakonzera kadzakhalitsa kuposa kakakulu kamene mulibe cokamasulira. Ngati kalipo kale kunsi kwa bedi, katulutseni pa Ciweru, mupite nako kwa wogulitsa zitsulo pamodzi ndi mwini wake, ndipo mumulole iye ayese kiyi pa sikuruu ndi zala zake. Pobwerera, yang'ananinso mabauti a njinga ndi a pampu mvula isanayambe.